Wamkulu Naye Aphunzira: Za Dr. Mapanje wa kwa Kadango

Mau amene anakambidwa kwa mafumu, makolo ndi aphunzitsi a m'boma la Mangochi

Mafumu, mashehe, abusa, makolo ndi aphunzitsi nonse a m'mbali mwa nyanja, cherani khutu. Nkhani ya lero ndi ya munthu amene anabwerera ku sukulu atamera kale ndebvu, ali pa nchito ya malipiro, ndipo anaphunzira kufikira pothera peni peni pa maphunziro.

Anthu ambiri m'midzi muno aganiza kuti sukulu ndi ya ana. Mwana akakula, napeza nchito ya uphunzitsi kapena ya ukalaliki ku Boma, abale ace anena kuti wafika, cotsala ndi kulandira malipiro pa kutha kwa mwezi. Tsono akamva kuti munthu yemweyo wayambanso kugula mabuku ndi kukhala pa nyali kufikira tambala woyamba, adabwa. Ena ati mabuku amzunguza mutu. Ena ati ali kubisa ndarama kuti asathandize abale. Koma alipo maphunziro ena amene mwana sangawathe, ofuna munthu amene wayamba wagwirapo nchito ndi kuona dziko, ndipo mmodzi wa anthu amene anawatsiriza ndi mwana wa boma lino.

Dzina lao ndi Bambo Jack Mapanje. Anabadwa pa 25 March, 1944, m'mudzi wa Kadango, tsidya la kum'mawa kwa nyanja, masiku amene boma lino linali kuchedwa Fort Johnston. Makolo ao anali a mitundu iwiri, wina Myao wina Mnyanja, monga ali mabanja ambiri a kuno, kotero kuti anakula ali kumva zinenero zonse ziwiri. Sungani mau amenewa, pakuti abweranso kutsogoloku.

Sukulu ya sekondale anaphunzira ku Zomba, kwa Akatolika. Pambuyo pace anaphunzira nchito ya uphunzitsi, naphunzitsa m'masukulu a sekondale. Apa ndi pamene anthu ambiri akadaima. Mphunzitsi wa sekondale masiku amenewo anali munthu wolemekezeka, ndipo kwao kukagwa maliro kapena njala, onse anali kuyang'ana kwa iye. Kumbukiraninso kuti dziko lino linalibe Yunivesite kufikira caka ca 1965. Kale lonse wofuna digiri anali kunka ku Fort Hare ku South Africa, kapena ku Makerere ku Uganda, kapena ku Salisbury, ndipo opitawo anali owerengeka. Bambo Mapanje anali mmodzi wa ophunzira a zaka zoyamba za Yunivesite ya Malawi, ndipo digiri yao yoyamba anatengera komweko. Mu 1970 iwo ndi anzao anayambitsa kabungwe ka olemba pa Chancellor College, kamene kanali kukomana kuwerengerana ndakatulo ndi nthano zolemba okha.

Tsono mau awa akuti digiri afunika kuwamasulira, cifukwa ambiri awamva pa wailesi koma sadziwa kuti madigiri alipo a mitundu itatu, yosanjikizana ngati makwerero. Yoyamba munthu aitenga atatsiriza Fomu 4 ndi kukhala pa Yunivesite monga zaka 4. Pamenepo amvera aphunzitsi, nalemba mayeso, monga acitira mwana wa sukulu ali yense. Yaciwiri, imene Azungu aicha Master, itenga caka cimodzi kapena ziwiri, ndipo wophunzirayo ayamba kufufuza yekha kanthu kena. Yacitatu ndiyo ya udokotala, ndipo imeneyi njosiyana ndi zinzace. Palibe mphunzitsi woima pa bolodi. Munthu asankha funso limodzi limene palibe analiyankha bwino, nalilondola zaka 3 kapena 4 kapena kuposapo, monga mlenje alondola mapazi a nyama, ndipo pomariza alemba buku lalikuru la zimene wapeza. Bukulo likatha, akuru a maphunziro odziwa nkhaniyo aliwerenga, namuitanira m'cipinda, namufunsa mafunso maola angapo ngati pa bwalo la mlandu. Akakhutira ampatsa dzina la Dokotala. Akapanda kukhutira ambweza kuti akakonze, ndipo alipo ena amene abwerera kwao osalipeza konse dzinalo.

Bambo Mapanje anakwera makwerero onse atatu, koma sanakwere mothamanga. Digiri yaciwiri anakaitenga ku Yunivesite ya London, ndipo mu 1975, atapitirira zaka 30, analowa nchito yophunzitsa Cingerezi pa Chancellor College ku Zomba. Atagwira nchitoyo zaka zingapo anabwereranso ku London, ku University College, kumene anatsiriza udokotala mu 1983, ali pafupi ndi zaka 40. Pa msinkhu umenewo msodzi wa kwa Makanjira kapena wa ku Malembo ali ndi bwato lace lace, ndipo wina ali pafupi kuona mdzukulu.

Kodi ku London anakafufuza ciani? Wina angayese kuti munthu wopita kutali cotero akaphunzira za makina kapena za malamulo a Azungu. Iai. Buku lao la udokotala linali la Ciyao, Cicewa ndi Cingerezi: m'mene zinenero zitatuzi zionetsera nthawi imene cinthu cicitika, ndiponso ngati cinthuco catha kapena cikali kucitikabe. Ici cimveka ngati cinthu cacing'ono, koma taganizani. Mnyamata akathamanga kucokera ku doko nati, "Usipa wafika," amuna onse anyamula nkhafi ndi nyali, cifukwa usipawo ulipo tsopano lino. Akati, "Usipa unafika," palibe anyamuka, pakuti imeneyo ndi mbiri ya dzana. Akati, "Usipa umafika," ali kunena za cizolowezi cace ca caka ndi caka. Akati, "Usipa udzafika," ndiye kuti sokani makoka mudikire. Liu ndi limodzi, kufika, koma kacidutswa ka pakati ndiko kauza munthu ngati akankhe bwato kapena agone. Ndipo pali pena pamene malembo ali amodzimodzi, koma cosiyanitsa ndi kakwezedwe ka mau. Alipo "ndimapita" wa munthu wopita masiku onse, aliponso "ndimapita" wa munthu amene anali pa ulendo nabwezedwa pa njira. Pa pepala simungawasiyanitse, koma khutu la nkhalamba ya kuno silisokera.

Mwana wa zaka 5 azidziwa zimenezi osaphunzitsidwa. Koma kuzifotokoza bwino lomwe, kuti munthu wa dziko lina amene sanamvepo Ciyao azimvetse, ndi kuonetsa pamene Ciyao cigwirizana ndi Cingerezi ndi pamene cisiyana, imeneyo ndiyo nchito ya zaka. Cotero cinenero cimene amai alankhula popala cambo pa mcenga cinalowa m'nyumba ya mabuku ku London, ndipo akuru a kumeneko anakhala pansi kuciwerenga. Aphunzitsi amene alanga ana cifukwa colankhula Ciyao pa bwalo la sukulu aganizirepo pamenepa.

Dokotala wotere si wa cipatala ai. Musamtengere mwana wodwala malungo, pakuti jekeseni saidziwa. Dzinali litanthauza kuti munthuyo wafika poti angathe kuphunzitsa aphunzitsi, ndi kuonjezerapo kanthu pa nzeru zimene anthu anali nazo kale.

Walira mvula walira matope. Wamkuru akabwerera ku sukulu sabvutika yekha, ndipo ici cifunika kucinena poyera. Taonani mphunzitsi wa pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja amene wayamba digiri yaciwiri. Usana ali m'kalasi ndi ana, madzulo aconga mabuku ao, ndipo mabuku ace awatsegula pamene mudzi wonse wagona, udzudzu uli kumluma m'miyendo. Malipiro amene anali kukwanira banja movutikira tsopano agawika pawiri. Mkazi wace alima yekha munda, nasoka zigamba pa yunifolomu ya ana. Mlongo wace akabwera kudzapempha fizi ya mwana auzidwa kuti adikire, nabwerera ali wokwiya. Tsiku lina kugwa maliro a amjomba ace sabata yomwe ya mayeso, ndipo akafika mocedwa pa siwa anthu anong'onezana kuti sukulu yamcotsa umunthu. Ambiri amene asiyira pa njira sasiya cifukwa mabuku awakanika. Asiya cifukwa ca mau otere. Mafumu, apa ndi pamene mungathandize. Mukadziwa kuti m'mudzi mwanu muli munthu wotere, muuzeni mbumba yace kuti ampatse mpata zaka ziwiri kapena zitatu, monga apatsira mpata munthu amene ali kumanga nyumba ya njerwa.

Nkhani ya Dr. Mapanje ili ndi mbali yowawa, ndipo kuibisa sikungathandize. Atabwerako ku London anakhala mkuru wa gawo la Cingerezi pa Chancellor College. Koma mu 1981 anali atasindikiza buku la ndakatulo lochedwa Of Chameleons and Gods, limene akuru ena a Boma la nthawi imeneyo sanakondwere nalo, ndipo mu 1985 linacotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku. Pa 25 September, 1987, apolisi anawagwira ku Zomba, nawatsekera ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu wozengedwa pa bwalo liri lonse. Anakhalamo zaka 3 ndi miyezi 7, natuluka mu May, 1991, aphunzitsi ndi olemba mabuku a maiko ambiri atadandaulira Boma kosalekeza. Nchito inali itatha, ndipo anasamuka ndi banja lao kunka ku Mangalande. Kumeneko anaphunzitsa m'mayunivesite, nalembanso mabuku ena. Anaturuka m'dziko lino opanda munda, opanda khoka, koma cimene anakadyera ku cilendo ndi maphunziro omwe aja. Nkhalamba zina zikumbukira zaka zimenezo, ndipo kufikira lero ziopa kuti kuphunzira kwambiri kuitana tsoka. Mantha ao ali ndi pocokera, koma ulamuliro wotsekera anthu popanda mlandu unatha ndi zisankho za 1993 ndi 1994.

Alipo mwana wina wa boma lino amene anayamba ulendo womwewu koma sanafike. Anthu a ku Malindi awadziwa Bambo Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa mpingo wa Anglican. Iwo anatenga digiri ku Fort Hare, nalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956, ndipo mu 1964, pamene nduna zinasemphana ndi Dr. Banda, anali Nduna ya Maphunziro. Itakanika nkhondo yao ya mu February, 1965, imene inathera pa doko la Liwonde, anaturuka m'dziko. Zaka zao zotsiriza anali ku Los Angeles ku America, usana kuphunzitsa pa koleji, nthawi yotsala kulemba buku la udokotala. Nthenda ya shuga inawatenga pa 24 September, 1975, ali ndi zaka 45, bukulo lisanathe. Cakudza siciimba ng'oma. Amene anena caka ndi caka kuti adzayamba ana akakula, awerenge bwino zaka zao.

Kuyenda ulendo wofuna nzeru si cinthu cacilendo kuno ku nyanja. Kale Azungu asanamange Boma, Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda anayenda pansi kufikira ku Kilwa, ku nyanja ya mcere, kukaphunzira Korani, nabwera kudzaphunzitsa anthu a kuno. Ndipo alendo nao akhala ali kubwera kudzatola nzeru m'madzi ano. Mu 1945 kunafika mtsikana wa ku Mangalande, Rosemary Lowe, amene anakhala kufikira 1947 ali kuyesa ndi kuwerenga cambo ca kum'mwera kuno, ndipo pambuyo pace anachuka pa dziko lonse monga katswiri wa nsomba. Kuyambira pamenepo ophunzira ambiri a ku Ulaya ndi ku America afika ku Chembe, namira m'madzi kuyang'ana mbuna m'miyala, nabwerera kwao kukalandira madigiri. Palibe coipa pamenepo. Koma nsomba zimenezo mwana wa msodzi azichula maina asanalowe Sitandade 1. Adziwa kumene cambo ciswana, adziwa mwezi umene mwera ukuntha, adziwanso kuti cambo cacepa koposa masiku a agogo ace. Munthu wotere akaphunzira kuyesa ndi kulemba monga acitira akatswiri, ndani angampose?

Masiku ano wamkuru wofuna digiri yapamwamba sayenera kuoloka nyanja ya mcere. Kuyambira 2021 Yunivesite ya Malawi inagawika patatu: ya ku Zomba inasunga dzina lakale, ina ya zamalonda ndi zaumisiri ili ku Blantyre, ndipo ina ndi ya zaumoyo, yochedwa Kamuzu, imene ophunzira ace ena abwera kudzaphunzirira kuno ku Mangochi. Za ulimi ndi za nsomba ziphunzitsidwa ku Bunda, kufupi ndi Lilongwe, ndipo iliponso Yunivesite ya Mzuzu. Mlangizi wa nsomba amene anayambira pa sukulu ya ku Mpwepwe angathe kukwera pang'ono pang'ono kufikira ku Bunda. Maphunziro ena akonzedwa dala cifukwa ca anthu a pa nchito, kuti azipita pa mapeto a sabata kapena masabata owerengeka pa caka, ndipo zotsala azicita ali kwao, ena pa intaneti. Koma cenjerani. Alipo anthu ogulitsa mapepala okongola a madigiri amene alibe nchito. Musanapereke ndarama, funsani ngati sukuluyo ndi yobvomerezedwa ndi bungwe la Boma loyang'anira maphunziro apamwamba, la National Council for Higher Education.

Nkhani iyi si ya amuna okha. Namwino wa pa cipatala cacing'ono ndi mphunzitsi wamkazi nao akhoza, koma katundu wao ndi wolemera koposa, pakuti mwamuna akatsegula buku apeza nsima yaphikidwa kale, pamene mkazi ayamba waphika. Mwamuna amene atenga mwana wolira kuturuka naye panja kuti mkazi wace awerenge sanadyetsedwe mankhwala ai.

Tsono tsiku lotsiriza likafika, kondwerani, ndipo musacite manyazi. Ku Zomba mwambo ucitikira m'nyumba yaikuru ya Great Hall. Otsirizawo abvala mikanjo ndi zisoti, maina ao aitanidwa limodzi limodzi, ndipo amai amene sanaponde m'kalasi aimba nthungululu pakati pa akuru a maphunziro, palibe owaletsa. Koma olowa m'menemo ndi abale owerengeka okha. Cikondwerero ceni ceni ciyenera kucitika ku mudzi, kumene kuli anthu amene anasenza katunduyo.

Phwandolo likhale la onse. Kuno Asilamu ndi Akristu ali m'mbumba imodzi, cotero mbuzi aizinge Msilamu kuti pasakhale wina wokhala padera ndi njala, ndipo thobwa likhale lambiri. Mpunga ndi cambo zikwanira. A Beni abvine, amai abvine Likwata ngati afuna. Koma musakongole ndarama za katapila cifukwa ca tsiku limodzi, pakuti banjalo langoturuka kumene m'zaka zomanga lamba, ndipo si bwino kulilowetsa m'ngongole tsiku lomwe liyenera kupuma.

Pokhazika anthu pa mipando, musayambe ndi alendo a galimoto. Woyamba akhale mkazi kapena mwamuna wa wotsirizayo. Pambali pace pakhale uja anagulitsa usipa wouma kuti alipe fizi yoyamba, ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 ngati akali moyo, ndi mlongo uja anabwezedwa cimanjamanja. Wotsirizayo abvale mkanjo wace pamaso pa mudzi ngakhale dzuwa liswe mtengo, aime, afotokoze m'Ciyao kapena m'Cicewa cimene analemba m'buku lace, mwa mau oti agogo ace amve. Akayamba kuponya Cingerezi, amjomba ace ali ndi ufulu wa kumdula ndi kumfunsa kuti anene bwino. Ndipo Lolemba lace apite ndi mkanjo womwewo ku sukulu ya pulaimale ya pafupi, makamaka kumene anyamata athawa m'kalasi kunka kukakoka makoka, awalole ana aukhudze ndi kuyesa cisoti pa mitu yao.

Aphunzitsi amene afuna kuyamba maphunziro otere afunse kwa mphunzitsi wamkuru wa pa sukulu pao, kapena ku ofesi ya maphunziro pa Boma, za kapemphedwe ka chuthi ca maphunziro. A nchito za cipatala, za ulimi ndi za nsomba afunse kwa akuru a nthambi zao. Mayunivesite alengeza malo m'manyuzi ndi pa intaneti, ndipo pofunsira malo afuna makalata a sukulu zonse zimene munthu anapitamo. Amene makalata ao anadyedwa ndi ciswe kapena ananyowa ndi madzi osefukira ayambe msanga kupempha ena, cifukwa nchito imeneyo itenga nthawi.